Munthu wa Nambala 120

Amene anawachititsa manyazi Mayi Sizasi pa geti la fakitale, masiku 17 otsatizana, pamaso pa atsikana oti anawaphunzitsa okha kulowetsa ulusi pa singano, ndi mkamwini wawo. Mwamuna wa mwana wawo mmodzi yekhayo, amene amadya m'mbale zawo Lamulungu lililonse mpaka kumasula lamba. Zimenezi zimveke kuyambira pano, chifukwa kutsogoloku mumva anthu ena akunena kuti analakwa ndi makina. Makina alibe apongozi.

Fakitaleyo imasoka mayunifolomu a ana asukulu, a manesi ndi a anthu okonza magalimoto. Mayi Sizasi akhala pa makina a pafupi ndi windo zaka 19, ntchito yawo kusoka makolala. Kolala si masewera. Ukaipinda pang'ono, munthu amayenda chaka chonse ngati akumvetsera miseche ya kumanzere. Dzina loti Sizasi sanalipeze chifukwa cha nsalu ayi, analipeza chifukwa cha lilime. Amuna awo, malemu, ankati mkazi wanga akayankhula, m'mphepete simusowa kupinda.

Mwezi umenewo mayi wosunga chipinda cha katundu anali atapuma ntchito chifukwa cha msana. M'chipinda chimenecho ndi mmene mumakhala ulusi, mazipi, mabatani ndi singano za fakitale yonse, ndipo kiyi wake amakhala ndi munthu mmodzi. Abwana anali atanena kale kuti kumapeto kwa mwezi kiyiyo apita kwa Mayi Sizasi. Iwo sanauze munthu kuti akondwa, koma anapota kale kachingwe kofiira komangirapo kiyiyo m'khosi.

Tsopano za geti. Aliyense ali ndi khadi. M'mawa umagunditsa khadilo pa kabokosi, kabokosi kamati tii, walowa. Hafu pasiti seveni geti limatsekedwa. Madzulo poweruka, pa sikirini ya mlonda pamatuluka dzina limodzi, ndipo mwini dzinalo amakhuthula chikwama chake pa thebulo kuti aone ngati sanatenge za kampani. Kale mlonda ankasankha yekha ndi maso, ndipo maso a mlonda wa nthawi imeneyo ankangogwera pa atsikana a m'chiuno mwabwino. Anthu atadandaula, abwana anati afuna makina opanda maso. Ndipo amene anaimirira pa msonkhano n'kunena kuti, "Mkamwini wanga amalemba mapulogalamu a kompyuta, mutu wake umagwira," anali Mayi Sizasi eni ake. Dzenje anakumba okha, ndi khasu lawo lomwe.

Chaka chathunthu zinayenda bwino. Lero uyu, mawa uyo. Kenako anthu osita ndi opakira anasamukira ku nyumba yatsopano kutsidya kwa msewu, ndipo Lolemba lomwelo madzulo dzina la Mayi Sizasi linatuluka.

Tsiku loyambalo anaseka nawo. Mlonda wa masiku ano, bambo wachikulire wofatsa amene anthu amangomutcha Chipewa chifukwa chipewa cha yunifolomu chimamufika m'makutu, anayala katundu wawo pa thebulo mwaulemu: ambulera yothyoka nthiti imodzi, mafuta opaka m'mawondo, buku la nyimbo, mpango, bakuli la chakudya, ndi magalasi a mwendo umodzi okulungidwa mu sokosi.

"Awa ndi anu, Amayi?"

"Ndi a amuna anga. Agwireni bwino, eni ake sangabwere kudzagula ena."

Tsiku lachiwiri dzina lomwelo. Lachitatu, Chipewa anayang'ana sikirini, anayang'ana kumwamba, anakanda pansi pa chipewa.

"Amayi, ndi inunso."

"Ndinenso chiyani?"

"Dzina lanu latulukanso."

"A Chipewa," anafuula mtsikana wina pamzere, "ngati mukufuna kufunsira, funsirani ngati munthu. Osayambira kuchikwama."

Mzere wonse unagwa ndi phwete. Mayi Sizasi anayankha kuti mwamuna wosaoneka makutu iwo sangamuthe, chifukwa sungadziwe ngati akumva. Anthu anasekanso, Chipewa yemwe anaseka.

Koma sabata yachiwiri kuseka kunasintha kamvekedwe. Wazipi, mayi wosoka mazipi amene makina ake agundana ndi awo zaka khumi, anasamutsa ulusi wake kuuika mbali inayo ya thebulo, mwakachetechete, ngati akungokonza malo. Ku mpopi wosambira m'manja anthu ankasiya nkhani iwo akafika. Tsiku lina anabwereka paketi ya singano kwa kamtsikana kena koti kanabwera kosadziwa ndi kupondera komwe, ndipo pobweza anakaona kakuwerenga singanozo pansi pa thebulo, milomo ikugwedera. Chimenecho chinawawa kuposa zonse. Anamvanso mawu a Wazipi kuseri kwa mulu wa malaya akuti, "Ine sindikunena kanthu, koma makinawo aona kanthu."

Lachisanu la sabata yachitatu abwana anawaitanitsa. Abwanawa anthu amawatcha Mwachidule, chifukwa mawu amenewo ndi amene amayambira akafuna kuyankhula kwa ola lathunthu.

"Mwachidule, Mayi, kiyi ndi nkhani ya chikhulupiriro. Ine pandekha sindikukayikirani, ndipo ndakhala ndikunena, ngakhale kwa akuluakulu, kuti makolala anu ndi chitsanzo. Koma taganizani mmene anthu angazionere. Munthu amene makina akumutchula tsiku ndi tsiku, yemweyo n'kumupatsa chipinda cha katundu. Zikapitirira mpaka Lachisanu likubwerali, kiyi ndipereka kwa wina."

"M'chikwama changa mwapezamo chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye?"

"Makina sanama, Mayi. Alibe m'bale."

"Ali naye," anatero Mayi Sizasi akuimirira. "Amadya kwanga Lamulungu."

Nkhaniyi anali ataibisa kunyumba masabata atatu onsewo. Munthu woti unamutama pagulu, umayamba bwanji kunena kuti ntchito yake ikukuluma? Koma Lamulungu limenelo anadikira mpaka mkamwini atagwira ntchafu ya nkhuku, mwana wawo wamkazi akudyetsa khanda pambali, ndipo anakhuthula zonse.

Mkamwini anamvetsera akutafuna. Kenako anamwetulira kumwetulira kuja kwa anthu ophunzira akamayankhula ndi munthu wolekezera ku pulayimale.

"Amayi, pulogalamu ija sidziwa nkhope ya munthu. Tangoganizani mtsinje. Aliyense akagunditsa khadi m'mawa, dzina lake limagwera mumtsinjemo, limodzilimodzi, mmene anthu akufikira. Pulogalamu imangokhala pagombe kuwerenga. Loyamba lidutse, lachiwiri lidutse, choncho. Likafika la nambala 120, imalivuula, basi yamaliza. Obwera pambuyo ilibe nawo ntchito. Madzulo imapereka dzina lomwelo kwa mlonda. Koma nambalayo musauze munthu, ndi chinsinsi cha ofesi."

"Ndiye ine ndine wa 120 tsiku lililonse?"

"Ndiye kuti mumafika nthawi imodzimodzi. Sinthani nthawi, muona."

"Masiku 15, bambo. Munthu mmodzi, nambala imodzi. Basi imachedwa, mvula imagwa, ine ndili pa 120 pomwepo ngati anandikhomera ndi msomali?"

"Zimachitika, Amayi."

"Bambo a mwana," anatero mkazi wake, "bwanji mungotsegula muone? Kompyuta si iyo ili m'chikwama pakhomopo?"

"Ndinaiyesa ine pulogalamu imeneyo. Ilibe vuto."

Ndipo anatambasula dzanja n'kutenga ntchafu yachiwiri. Nkhuku ili ndi ntchafu ziwiri zokha. Zimenezinso zilembedwe.

Lolemba Mayi Sizasi anafika pa geti Chipewa asanamalize tiyi wake. Anaima pamenepo okha, chikwama m'khwapa, mpaka anatsegula. Tii. Munthu woyamba, mboni yake mlonda ndi kapu m'manja. Anasoka makolala tsiku lonse akuimba chamumtima. Madzulo Chipewa anangotembenuza sikirini kuti aone okha. Ambulera, mafuta, buku, mpango, bakuli, magalasi.

Lachiwiri anachita zosiyana. Anatsamira khoma kunja kwa geti n'kusiya aliyense adutse, ndi aulesi omwe amafika akumanga nsapato. Chipewa atayamba kukoka geti ndi pamene analowera cham'mbali, mpaka siketi inatsala pang'ono kupanidwa. Tii. Munthu womaliza. Madzulo, dzina lomwe lija.

"Mwina muwapemphere makinawa, Amayi," ananong'ona Chipewa akukulunga magalasi mu sokosi.

"Wofunika pemphero ali kwina, ndipo afuna lalitali."

Pobwerera kunyumba sanakwere basi. Anayenda pansi, mawondo akudandaula, mutu ukugwira ntchito. Masamu a ku pulayimale ndi ochepa, koma amene alipowo sathothoka. Munthu woyamba sangakhale wa 120. Womaliza mwina, koma woyamba ndi womaliza onse awiri ayi. Ndiye kuti penapake pali bodza, ndipo bodza silipezeka pofunsa wabodzayo.

Lachitatu anatumiza uthenga kuti mawondo avuta, zomwe sizinali zonama kwenikweni. Khadi analitsekera m'kabati pansi pa chitini cha shuga. Anatenga chitini china, cha mabatani akale amene akhala akudula pa malaya otha kuyambira ali mtsikana, n'kukakhala pa kakhoma ka ngalande moyang'anizana ndi geti, ambulera yothyoka ija itawaphimba nkhope. Anayala mpango pamiyendo. Kabokosi kakati tii, batani limodzi pa mpango. Tii, batani. Tii, tii, awiri. Ena ankalowa mothamanga, ena akukangana za mpira, Wazipi analowa akuyang'ana uku ndi uku ngati wataya mbuzi. Palibe anawazindikira. Mayi wachikulire wokhala pansi ndi chitini anthu samuyang'ana, amaopa kupemphedwa.

Geti litatsekedwa anawerenga mabataniwo. Anawerenganso. Kachitatu anawaika m'milu ya khumikhumi. Milu isanu ndi inayi, ndi asanu ndi limodzi apadera. 96. Kuphatikiza iwo eni, akanalowa, 97.

Anakweza maso. Kutsidya kwa msewu, pa geti la nyumba yatsopano, anyamata ositasita ndi amayi opakira anali kumalizika kulowa, chigulu, mwina makumi asanu, aliyense akugunditsa khadi pa kabokosi kawo kakumeneko. Mayi Sizasi anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamanga mpango uja mfundo ziwiri, n'kupita kwawo kukachapa makatani, chifukwa tsiku lopuma silitayidwa.

Nthawi yoweruka anabwereranso, n'kuima kunja kwa geti, atavala diresi la kutchalitchi. Mkatimo mzere unali utaima. Chipewa anali kuyang'ana sikirini, kenako mzere, kenako sikirini.

"Mayi Sizasi," anaitana. Zii. "Mayi Sizasi. Taonani ku makina kwawoko. Wina akaone kuchimbudzi."

Atsikana awiri anathamanga n'kubwerako manja ali m'mwamba.

"Lero sanabwere," anatero Wazipi. "Mpando wawo wangokhala tsiku lonse."

"Nanga dzina latuluka bwanji?"

"Ndili kuno, a Chipewa," anatero Mayi Sizasi kuseri kwa zitsulo. "Mwandisowa?"

Mzere wonse unatembenuka.

"Amayi, mwatuluka nthawi yanji?"

"Sindinalowe. Khadi langa lagona pansi pa shuga kuyambira m'mawa. Ndiye mundiuze, makina anu osanamawo andiona ndikuba chiyani lero? Makatani a kunyumba kwanga?"

Phokoso limene linabuka pamenepo linatulutsa Mwachidule mu ofesi, jekete ili pa phewa limodzi. Anayamba kunena kuti mwachidule pakhale bata, koma Mayi Sizasi analowetsa mpango wa mabatani pakati pa zitsulo.

"Masulani, abwana. Werengani. Batani limodzi, munthu mmodzi, aliyense amene walowa pa geti ili lero."

Abwana anawerenga pa thebulo lomwe lija, anthu akuwerenga nawo mokweza ngati ana a sukulu. Pa 96 mabatani anatha.

"Makina anu anatumidwa kugwira munthu wa nambala 120. Inde, ndaulula, chinsinsi chanucho chandidyera mbiri. Tsono ndionetseni munthu wa 120 pa anthu 96. Ali kuti? Wavala chiyani?"

Abwana anayambanso kuwerenga mabatani aja, ngati angachuluke.

"Itanani amene anapanga," anatero Mayi Sizasi. "Nambala ya foni ndili nayo. Ndinamupatsa mwana wanga."

Lachinayi m'mawa mkamwini anafika atamanga tayi. Anapereka moni kwa abwana ndi manja awiri, kwa apongozi ake moni wa pansipansi, n'kutsegula kompyuta pa desiki. Mayi Sizasi anakhala pa mpando wa alendo, chikwama pamiyendo. Pa sikirini panali timizere ta mawu tofiira ndi tobiriwira, tothithikana ngati nyerere pa shuga. Mkamwini ankatsitsa, kutsitsa, akuimba kamluzu. Kenako kamluzu kanaduka. Chala chinaima. Thukuta linayamba kumera pamphuno.

"Mwapeza," anatero Mayi Sizasi.

"Ndi kanthu kakang'ono, Amayi. Nkhani ya mtengo wosungira wa..."

"Yankhulani zoti wosoka makolala amve. Lamulungu munatha bwanji kundiuza za mtsinje?"

Mkamwini analoza sikirini.

"Mtsinje uja umauma geti likatsekedwa. Ndiye ukauma nambala isanakwane, pulogalamu imalira kuti chimene munandituma kulibe, n'kuima. Tsono kuti isalire, timaisiyira china choti ipereke m'malo mwake. Chaka chatha anthu ankalowa pa geti ili oposa 140, ndiye mtsinje sunaumepo nambala isanakwane. Chosiyiracho sichinagwirepo ntchito. Koma osita ndi opakira atasamuka..."

"Munaisiyira chiyani?"

"Nambala ya khadi."

"La ndani?"

Abwana anayamba kuyang'ana kalendala ya pakhoma mwachidwi chachikulu.

"Tsiku lija ndinkaiyesa ndinali kwanu, Amayi. Ndinafuna nambala ya khadi lenileni yoyesera. Lanu linali pa thebulo. Ndinati ndidzachotsa ndikamaliza."

Mayi Sizasi analikumbukira tsikulo bwinobwino. Anazimitsa wailesi kuti mkamwini asasokonezeke. Anamukazingira mazira atatu. Anauza ana a neba kuti akasewerere kutali chifukwa m'nyumba muno muli munthu akugwira ntchito ya mutu. Ndiye kuti pamene iwo ankayenda chonyang'ama m'nyumba mwawo momwe, munthuyo anali kuwalemba kuti makina akadzasowa wakuba, adzagwire apongozi. Akuluakulu sananame, nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

"Ndi mzere umodzi wokha, Amayi," anatero mkamwini. "Mphindi imodzi ndakonza. Nditsitsa nambalayo, izisintha tsiku ndi tsiku. Pa chosiyiracho ndiika..."

"Musaike munthu. Ikasowa munthu inene kuti yasowa munthu. Ine akandituma mabatani obiriwira n'kupeza kulibe, ndimabwerera n'kunena kuti kulibe. Sinditola apongozi anga n'kuwapereka m'malo mwake."

Mkamwini analemba zomwezo. Abwana anapuma mpweya waukulu, anatsegula diloo n'kutulutsa kiyi.

"Mwachidule, Mayi, taona tonse kuti apa palibe wolakwa. Ndi zochitika pa ntchito za masiku ano. Ine m'malo mwa kampani ndikupepesa, ndipo kiyi nayu, sitidikiranso mawa."

Mayi Sizasi anayang'ana kiyiyo. Anayang'ana chitseko cha ofesi, chotsekedwa bwinobwino, ndi katani wotsitsidwa. Kachingwe kofiira kanali m'thumba la diresi, ankakamva ndi chala.

"Bwezani mu diloo."

"Mayi?"

"Chikwama changa munkakhuthula muno? Magalasi a amuna anga ankayalidwa pa desiki ili? Manyazi munandipatsira pa geti, anthu 96 akuona. Kiyi mundipatsire pomwepo, mawa poweruka, pa thebulo lomwe lija. Ndipo awa abwere. Ndi chikwama chawo."

Lachisanu madzulo palibe amene anathamangira basi. Ndi a kutsidya kwa msewu omwe anamva, anadzaima kunja kwa zitsulo. Mwachidule anayankhula mphindi makumi awiri, anayambira chaka chimene fakitale inamangidwa, koma pomalizira pake ananena mawu amene ankafunika: kuti Mayi Sizasi sanatengepo ngakhale ulusi wotalika ngati chala, kuti makina sanawaonepo akuchita kanthu, ndipo kuti dzina lawo linkatuluka chifukwa munthu wina analiiwala mmenemo. Kenako mkamwini anafotokoza za mtsinje wake, atsikana akumuthandiza ndi "eee" ndi "pepani alamu."

"Tsopano chikwama," anatero Mayi Sizasi. "A Chipewa, gwirani ntchito."

Chipewa anakankhira chipewa kumbuyo, makutu anaonekera koyamba, ndipo anayamba kuyala. Kompyuta. Mawaya atatu opiringizana. Nthochi yakuda yoti inafa sabata yatha. Kasokosi kamodzi ka khanda. Kenako dzanja linalowa pansi penipeni n'kutuluka ndi bakuli la pulasitiki la chivindikiro chachikasu.

Mayi Sizasi analitenga, analitembenuza. Pansi pake panali chizindikiro chimene anadinda okha ndi singano yamoto.

"Bakuli ili ndalifunafuna miyezi inayi. Ndinakalipira mwana wa neba chifukwa cha bakuli ili."

"Munandiikiramo nyama tsiku lina, Amayi, ndimati ndibweza..."

"Ndidzachotsa. Ndibweza. Mawu anu ndi omwewo, mkamwini. Abwana, lembani. Pa kusecha konse kwa pa geti ili mwezi uno, katundu wa eni wapezeka kamodzi kokha, ndipo wapezeka m'chikwama cha amene anapanga makina."

Anthu anaseka mpaka ena anakhala pansi. Mkamwini naye anaseka, kuseka kwa munthu woti akufuna nthaka ing'ambike. Abwana anapereka kiyi, Mayi Sizasi anatulutsa kachingwe kofiira kaja, anamanga, n'kuvala m'khosi anthu akuomba m'manja. Pa sikirini ya mlonda tsiku limenelo panatuluka dzina la mnyamata wina wodula nsalu, ndipo anabwera akuvina, chikwama chili pamutu.

"Magalasi aja ndiwasowa, Amayi," anatero Chipewa chapansipansi pamene ankadutsa.

"Maso pa geti, a Chipewa."

Lolemba lotsatira ulusi wa Wazipi unapezeka utabwerera mbali yake yakale, wokha, ngati uli ndi miyendo. Teni koloko Wazipi anabwera pa chitseko cha chipinda cha katundu kudzapempha mazipi akuda, maso ali pansi.

"Anzanga, ine ndinkadziwa kuti si zoona."

"Ndikudziwa, munkadziwa kwambiri. Angati?"

Nkhani ikanathera pamenepo. Koma Lamulungu mkamwini anabwera monga mwa masiku onse, atanyamula chikwama chatsopano cha chikopa ngati chipepeso. Mayi Sizasi anachilandira. Ndi chabwino, chili ndi kathumba ka zipi kokwana magalasi. Mkamwini anadya, ntchafu imodzi yokha ulendo uno, inayo anakankhira yekha ku mbale ya apongozi. Zonse zinali bwino mpaka potuluka, pamene ankavala nsapato pakhonde, osadziwa kuti windo la kukhitchini ndi lotsegula, anauza mkazi wake kuti, "Koma amayi ako, chinkhani chonse chija, kamzere kamodzi kokha."

Kamzere kamodzi. Kolala nayonso ndi kamzere kamodzi, koma wosoka akakapinda amaphwasula ndi mano, salankhula za kuchepa kwake. Inu amene mwawerenga izi, makamaka inu olemba mizere imene imatchula mayina a anthu, masiku 17 a mayi wamasiye akukhuthula chikwama pa geti, atsikana akuwerenga singano kumbuyo kwake, mukuti ndi kanthu kakang'ono? Mkamwini ameneyu Lamulungu likubwerali adye ntchafu kapena khosi? Musangotseka pepala n'kuchoka. Ndiyankheni.